Mlandu wa Njinga Yopanda Katundu

Ana inu, ndasankha kulemba chifukwa pakamwa mumandidula mawu. Dzulo, pamene munkatsitsa njinga zanu pa minibasi ya ku Chipata, iwe Tiyezge unauza mng'ono wako Mphatso kuti, "Agogo sangamvetse, kumudzi kuno kupalasa njinga kongosangalala sakudziwa." Ndinakumva. Khutu langa logontha ndi lakumanzere, iwe unaima kumanja. Ndiye ndakhala pansi ndi pepala la kaboni, kuti kalata imodzi mutenge, inzake itsale m'sutukesi mwanga. Ndalemba m'Chinyanja chifukwa Chitumbuka chanu chimathera pa "yewo".

Dziwani kuti munthu woyamba kupalasa njinga popanda chifukwa m'dera lino ndine, ndipo ndinazengedwa nazo mlandu. Mapepala ake alipo.

Njinga yakuda ija, imene Mphatso waitcha chigayo chifukwa cha kulira kwa tcheni, ndi yakale kuposa mayi wanu. Kachitsulo ka laisensi yake ndidakasunga m'chitini cha mankhwala a nsapato. Masiku athu njinga inali ng'ombe yachitsulo. Inanyamula mabelo a fodya, matumba a feteleza, chitseko cha nyumba ino, nkhumba yamoyo yomangidwa miyendo, ndi agogo anu aakazi, a NyaMtonga, ali ndi pakati pa mayi wanu. Munthu ukakwera njinga, kumbuyo pa kaliyala pamakhala chifukwa chako, chomangidwa ndi mphira, kuti aliyense achione. Inu mwabwera ndi makabudula othina ngati munabadwa nawo, zipewa zonga chigoba cha kamba, ndi mabotolo oyamwa ngati makanda. Sindikunyoza, ndikungolemba zimene ndaona.

Nkhani inayambira ku chipatala. Tsiku lake lili pa khadi, wofuna abwere aone. Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa mayi anu aang'ono, anandimanga lamba pamkono, napopa, napukusa mutu.

"Adada, magazi akuthamanga kwambiri. Mchere muchepetse, ndipo m'mawa uliwonse muzipalasa njinga."

"Kupita kuti?"

"Kulikonse."

"Kukatenga chiyani?"

"Palibe. Muzingopita n'kubwerera."

Ndinawapempha kuti alembe zimenezo papepala ndi kudindapo. Anaseka, koma analemba. Munthu amene wakhala mlembi wa mpingo zaka zambiri ngati ine amadziwa kuti mawu apakamwa ndi mphepo.

Unali mwezi wa Juni. Inu kuzizira mumakudziwira m'nyumba za malata zokhala ndi siling'i. Kuno Juni amalowa m'mafupa, madzi a mumtsuko amaluma mano, agalu amagona paphulusa mpaka kupserera ubweya. Chovala chofunda chimene ndinali nacho ndi jekete lakuda la kutchalitchi. Ndinalivala, n'kutulutsa njinga dzuwa lisanatuluke bwino, n'kulowa msewu wa ku Chikomeni, kaliyala ili mbee.

Tsiku loyambalo ndinati ndikhotere kumudzi kwa mlongo wanga. Sindinaganize kuti masiku amenewo mkulu wathu anali gone m'chipatala ku boma. Mlongo wanga anali pa mjigo. Atandiona ndikubwera m'mamawa, jekete lakuda, pang'onopang'ono, kumbuyo kopanda kanthu, anaponya ndowa pansi n'kuyika manja kumutu. Ndisanatsike n'komwe, amayi anayi anali atamuzungulira akulira, wina wayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba kuti anthu apeze pokhala.

"Palibe wamwalira," ndinatero.

"Nanga mwadzeranji?"

"Ndikungopalasa."

Kulira kunaduka ngati wailesi yatha mabatire. Mlongo wanga anapukuta m'maso ndi chitenje, nandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. "Achimwene, misozi yanga si yotaya. Mukadzabweranso chimanjamanja chonchi, muziyamba kuliza belu kumtsinje, ndipo muzibwera mukuseka."

Ndinabwerera osamwa tiyi. Mkulu wathuyo, pongokudziwitsani, anachira, ndipo mpaka lero amadandaula kuti pa maliro ake oyamba panalira anthu asanu okha.

Koma ana inu, pali chinthu chimene adokotala sanalembe papepala lija. Msewu umenewo ndinauyenda zaka makumi asanu, ndipo chimene ndinkaona ndi tayala lakutsogolo ndi maenje. Munthu wonyamula thumba la chimanga sacheuka. Tsopano khosi linamasuka. Ndinagula kope la ana a sukulu n'kuyamba kulemba zonse, tsiku ndi tsiku, malo ndi malo.

Pa dambo lalikulu lija nkhungu imagona ngati thonje loyanika, ng'ombe zimaoneka misana yokha, miyendo osaoneka. Kutsidya kwake kumakhala anang'omba anayi, mbalame zakuda zazikulu zofiira pakhosi, zimene zimayenda mondondozana ngati akulu a mpingo popita ku mgonero, zikulira ngati ng'oma yakutali. Minda imakhala itakololedwa, mapesi ali gwa, ngolo zikubwera ndi chimanga, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno. Amayi amakhala pansi pa milu ya mtedza akuthothola, atafunda zitenje ziwiriziwiri. Zigafa za fodya zimangoti yasa, zopanda ntchito, ngati mkamwa mwa nkhalamba. Pa mphambano mavenda a ku Kasungu amakhala atapachika kale sikelo pamtengo asanasukusule n'komwe. Oumba njerwa amaponda dothi lozizira akuvina gule wosafuna. Ukafika pa chitunda, mapiri a ku Lukusuzi amaoneka kutali ngati utsi umene waiwala kukwera. Tsiku lina ndinapitirira malire anga n'kupeza ndowe za njovu pakati pa njira, zikufukabe. Liwiro limene ndinabwerera nalo adokotala akanaliona, akanandipatsa satifiketi.

Inu zonsezi mukazijambula pa foni n'kuzitaya pakatha sabata. Zanga zili m'kope, ndipo kope silitha moto.

Vuto linali anthu. Kuno munthu sadutsa osafunsidwa. "Mwawuka uli, adada? Ulendo wa kuti?" Ndikayankha kuti palibe kumene ndikupita, amaseka, n'kufunsanso. Ena anaona mwayi. "Poti kaliyala ilibe kanthu, mutitengereko kathumba aka kuchigayo." "Mukasiye nkhuku iyi kwa apongozi anga." Ndinakana onse mwaulemu, ndikuwaonetsa pepala la chidindo: adokotala sanalembe nkhuku. Apa ndi pamene ndinalakwa. Munthu wokana kutumidwa, wopita m'mawa uliwonse njira imodzi, atavala jekete la Sabata, ameneyo kwathu kuno ali ndi kumene akupita, ndipo kumeneko sikutchulika.

Tsopano pafupi ndi chitunda chija pali mayi wina wamasiye, NyaPhiri, amene amaotcha mbatata m'mbali mwa msewu. Pofika pamenepo zala zanga zimakhala zitauma ngati chinangwa cha padenga, osatha kugwira buleki. Ndinkaima, kugula mbatata imodzi, kuotha manja, n'kulemba m'kope zimene ndaona. Basi. Ndalemba "basi" ndipo ndadula mzere kunsi kwake.

Amene anandiona ndi a Chirwa, mkulu wa mpingo mnzanga, amene tinakhala benchi limodzi kuyambira tili anyamata. Anadutsa pa ngolo kawiri, nandipeza pamoto pomwepo kawiri konse. Sanandifunse kanthu, anangokweza chipewa. Pasanathe sabata, nkhani inali itafika ku mjigo, ku chigayo, ku kwaya ya amayi, ndipo pobwerera inali itanenepa. Akuti ndamugulira mayiyo malata. Akuti jekete ndimalisiya komweko. Ine jekete ndili nalo limodzi, ndipo onse ankandiona nditalivala Lamlungu.

Agogo anu aakazi sanakalipe. Mukuwadziwa. Iwo akakwiya amakhala aulemu kwambiri. Anayamba kundigwadira popereka madzi, chinthu chimene anasiya mayi wanu ali ku pulayimale. Madzi osamba anayamba kufika ozizira, mwezi wa Julayi. Kenako ndinapeza makina awo osokera atakulungidwa m'bulangete, atamangidwa ndi chingwe, ali pafupi ndi chitseko.

"A NyaMtonga, makina akupita kuti?"

"Akungopalasa," anatero.

Ukwati wa zaka makumi asanu unali pafupi kupasuka chifukwa cha mbatata yootcha.

Kalata ya mpingo inabwera Lachisanu. Ndili nayo. Ili ndi zolakwika zinayi, ndazizungulira ndi inki yofiira. Inandiitana kukaonekera pamaso pa akulu, tikaweruka mapemphero, m'kachipinda ka kuseri. Ndinapempha kuti zokambirana ndilembe ndekha monga mwa nthawi zonse, anandikaniza, akuti woimbidwa mlandu sagwira cholembera. Anapatsa a Chirwa, amene zolemba zawo zimaoneka ngati nkhuku yapalasa paufa.

Ndinapita ndi envulopu yathunthu. Ndinayala pa tebulo khadi la chipatala, pepala la chidindo, ndi kope. Agogo anu anakhala pakona, manja pamiyendo.

"A Nyirenda," anayamba wapampando, "tiuzeni monga mwa Mkhristu. M'mawa uliwonse mumapita kukatani?"

"Kukaona."

"Kukaona ndani?"

"Osati ndani. Kukaona chiyani." Ndinavala magalasi n'kutsegula kope. Ndinawawerengera za nkhungu, za ng'ombe zopanda miyendo, za anang'omba anayi. Ndinawerenga masamba asanu ndi limodzi mosadumpha mzere. Nditakweza maso, mkulu wina anali atagona, wina akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

"Abale," anatero a Chirwa, "tonse pano tinabadwira kuno. Alipo amene anadzukapo m'chisanu cha Julayi, kusiya bulangete ndi mkazi, kukaona nkhungu? Nkhungu imadyedwa?"

"Pepala la adokotala ili apa."

"Pepala likuti muzipalasa. Silikuti muziotha moto wa amayi amasiye. Mbalame imene mumawerengayo tikuidziwa, a mlembi. Imaotcha mbatata."

Anaseka onse, ndi wogona uja yemwe, amene sanamve n'komwe. Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti pepala la chidindo limatseka pakamwa pa aliyense. Tsiku limenelo ndinaona pepala likugonja. Akanandipeza ndi thumba la chamba pa kaliyala, mwina akanamvetsa, chifukwa limenelo ndi tchimo lokhala ndi phindu. Koma kuyenda chabe, kumeneko kunawakanika.

Amene anathetsa phokoso ndi agogo anu. Anaimirira, nakonza duku.

"Azibambo, musavutike. Mawa andikweze. Ndikaone nkhungu yawoyo ndi mbalame zawozo. Ndikaziona, makina ndimasula. Ndikapanda kuziona, asandibweze kunyumba, akanditule kwa alongo anga pa njinga yomweyo."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Nkhungu inali isanandiphonyepo ngakhale tsiku limodzi.

Kutacha, kunja kunali mbee. Mphepo inali itaomba, n'kusesa dambo lonse ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera oyendera. Ndinapinda thumba pa kaliyala, agogo anu anakhala chammbali, atafunda zitenje zitatu, kope langa lili m'manja. Mayi ameneyu ndinamunyamula komaliza tili ndi mano onse. Pa kamtunda koyamba ndinazindikira kuti zaka zimalemera.

Tinafika pa dambo. Ng'ombe zonse zinali ndi miyendo.

"Apa mwalemba kuti thonje loyanika," anatero kumbuyo kwanga, akutembenuza tsamba.

"Limakhalapo."

"Alianula?"

Ndinangopalasa. Kutsidya, pamalo pa anang'omba, panali mbuzi imodzi ikudya pepala.

"Anayi, mwalemba. Ofiira pakhosi."

"Dzulo anali pomwepa."

"Kapena nawonso aitanidwa kwa akulu a mpingo."

Mapiri a ku Lukusuzi anali atabisika m'fumbi. Ngakhale mavenda a ku Kasungu tsiku limenelo anachedwa kudzuka. Chilengedwe chonse chinapangana ndi a Chirwa. Thukuta linandituluka m'chisanu chimenecho, ndipo ndinayamba kuwerenga mumtima mitunda yotsala kukafika kwa alamu anga, amene sanandikondepo chiyambire.

Utsi wa mbatata unaonekera patsogolo. Ndinati ndidutse osaima, koma chala chinandibaya pamsana. "Imani pamene mumaima."

NyaPhiri atationa anasiya chopanira moto, nagwada, napereka moni kwa agogo anu. Kenako anapuma mpweya waukulu ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Amama, mwachita bwino kubwera. Ndimafuna kutumiza mawu, koma ndimaopa kuchita mwano kwa akuluakulu. Adada awa atengeni."

"Akulakwirani?"

"Amagula mbatata imodzi, yaing'ono, n'kukhala pamoto ola lathunthu. Akatero amatulutsa buku kundiwerengera. Ogula akangoona kuti avala magalasi, amapitirira. Dzana anandifunsa kuti nkhanga zadutsa zingati. Ine ndili ndi adzukulu asanu odyetsa, ndiziwerenga nkhanga?"

"Anthu akuti ndi chibwenzi," anatero agogo anu, mawu ali phee.

"Ndamva. Amama, ine ndidakwatiwapo, chibwenzi ndimachidziwa. Ichi si chibwenzi, ndi sukulu. Muwasokere zovala za m'manja, asamazizidwe zala, azidutsa."

Agogo anu anayamba ndi mapewa. Kenako anakhala pansi pa njerwa, n'kuseka mpaka kutsokomola, NyaPhiri akuwasisita pamsana. Anagawana mbatata yaikulu, yaulere. Ine ndinaima ndi njinga yanga m'mphepo. Ana inu, kumasulidwa kwa mtundu umenewu kumawawa kuposa kumangidwa. Ndinkaganiza kuti mayiyo amakondwera ndi masamba anga. Ankagwedeza mutu nthawi zonse.

Koma pangano linali loti aone, ndipo anali asanaone kanthu. Atapukuta misozi anati tikwere chitunda. Tinakankha njinga limodzi, iwo atagwira kaliyala. Pamwamba panali mphepo yokhayokha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze pamene mapiri amayenera kukhala, koma iwo sankayang'ana kumeneko. Ankayang'ana kumunsi, kudzanja lamanja, pamene pali tchire ndi mitengo itatu ikuluikulu itaima payokha, itachita maluwa ofiirira mpaka kunsonga.

"Apa mwalembapo chiyani?"

Ndinafufuza tsamba. "Mitengo itatu."

"Mitengo."

Kenako anati, "Paja ndi pabwinja pathu, a Nyirenda. Nyumba yathu yoyamba, yaudzu ija, imene inkadontha pamutu panu pokha. Mango aja ndinabzala ine, ndi mbewu zimene ndinatola kumsika ku boma, mwana ali kumsana. Munkandiseka kuti tidzasamuka asanabale."

Ndinayang'ananso. Zinali zoona. Tinasamukapo kalekale kutsata msewu ndi mjigo, ndipo njira yakale inatsekeka. Ndinali nditaima pa chitunda chimenecho m'mawa woposa makumi atatu, ndi magalasi, ndi kope.

"Mwawerenga mbalame za eni," anatero, "mango a mkazi wanu osawaona."

Iwonso anali atadutsa pamenepo kosawerengeka, koma ndi dengu pamutu kapena mwana wodwala kumsana, ndipo wosenza sacheuka. Tinaima pamenepo awiri, nkhalamba zozizidwa, tikuyang'ana mitengo. Palibe amene ankatidikira, palibe chimene tinkakatenga. Kenako anandilanda cholembera, natsamiritsa kope pa chishalo, nalemba. Tsamba limenelo ndi lokhalo m'kope lonse lopanda tsiku, ndipo mizere yake ndi yokhota. Likuti: "Nkhungu kulibe. Mbalame kulibe. Chibwenzi kulibe. Mango alipo. Ndaona ine NyaMtonga."

Makina anamasulidwa tsiku lomwelo, ndipo chinthu choyamba kusokedwa chinali zovala za m'manja, kuchokera ku juzi yakale ya mayi wanu. Chala chimodzi n'chachifupi, koma sindinadandaule polemba.

Musaganize kuti nkhani inatha bwino mbali zonse. Akulu a mpingo anandibwezera cholembera, koma kalata yonena kuti anandinamizira sanalembe mpaka lero. Ndawakumbutsa katatu, makope alipo. Mlandu suwola. Ndipo chaka chatha adokotala omwe aja anamanga lamba pamkono wa a Chirwa, nawauza zomwezo. Tsopano ndimakumana nawo pa dambo m'mawa, akupalasa, atamanga thumba lalikulu pa kaliyala. Tsiku lina thumbalo linagwa, ndinawatolera. Linali lopepuka ngati pilo. Munali makoko a chimanga.

"Ndikupita kuchigayo," anatero, osandiyang'ana.

"Chigayo chili kumbuyo kwanu, a Chirwa."

Ndinawathandiza kumanganso, n'kuwalozera anang'omba. Anali anayi.

Ndiye mawa, poti mwati mukufuna kukaona dera, tipitira limodzi. Mudzuke nkhuku zisanatsike, muvale majuzi pamwamba pa zothina zanuzo, ndipo pamudzi pa mlongo wanga uja mulize belu ndi kuseka. Pa NyaPhiri mugule mbatata zambiri, musakhalitse. Agogo anu aakazi apinda kale thumba lawo lokhalira, akuti akufuna akaone ngati mango ayamba maluwa.

Chimodzi chokha chikundidetsa nkhawa. Njinga zanu ndaziyendera m'mawa uno muli m'tulo. Magiya ndawerenga, ndi ambiri, matayala ndi onenepa, zonse n'zokongola. Koma ngakhale imodzi ilibe kaliyala. Tsiku limene anthu adzakufunseni kumene mumapita, mboni mudzaikweza pati?